Zotokosera M'mano, Nthochi ndi Madola: Zomwe Zikukambidwa M'malokeshoni

Mu Lilongwe muno nkhani siichedwa. Ikatuluka ku Capital Hill m'mawa, dzuwa lisanafike paliwombo imakhala itafika kale pa depoti, ndipo pofika madzulo aliyense m'malokeshoni amakhala ali nayo mbali yake. Ndi momwe zakhalira ndi nkhani ya katundu wochokera kunja. Chiyambire Malichi 2025, pomwe a Vitumbiko Mumba, omwe panthawiyo adali nduna ya zamalonda ndi mafakitale, adalamula kuti katundu wina asalowenso m'dziko muno kwa zaka ziwiri, nkhaniyi siidazizirepo. Ikati izilale, mtengo wa chinthu china umakwera, basi yabukanso.

Mndandanda wake anthu adauloweza kuposa ana a sukulu: ufa wa chimanga, mpunga, mkaka, mazira, uchi, chiponde, mbuliwuli, masoseji, madzi a m'botolo, kachewere, anyezi, adyo, jinja, zipatso ndi masamba zomwe zimalimidwa konkuno, ziwiya za pulasitiki, mipando ya matabwa, zokolopera, machesi, jombo za alonda, ndi zotokosera m'mano. Boma lidati likufuna kusunga ndalama zakunja komanso kupatsa mpata alimi ndi mafakitale athu. Nazi zomwe eni tauni akunena.

Ku Kawale: pa bawo ndi pa mpopi

Pa bawo la pansi pa mtengo wa mango ku Kawale, chomwe chimaseketsa madoda mpaka lero ndi zotokosera m'mano zija. "Achimwene, mukundiuza zoona kuti dziko la nsungwi lino tinkatulutsa madola kukagula kamtengo kochotsera nyama m'mano?" adafunsa wina uku akutakata. Mnzake sadachedwe: "Nanga nyamayo ili kuti masiku ano? Bonya satsakamira m'mano." Phwete lidamveka mpaka kumsewu.

Pamalopo pamakhalanso mkulu wina yemwe adapuma ntchito yowombola katundu m'zipata, ndipo phwete likatha anthu amatembenukira kwa iye. Iyeyu amati boma likafuna kuchepetsa katundu wakunja lili ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi msonkho: katundu amalowa, mtengo wake umakwera, ndipo ndalama yowonjezerayo imapita kuthumba la boma. Yachiwiri ndi yopanda msonkho: kuletseratu, kufuna chilolezo, kuika malire a kuchuluka kwa katundu, kukhwimitsa miyezo, kuchulutsa mapepala, kapena kungoimitsa lole pa chipata kwa masiku angapo. Popeza Malawi ali mu COMESA ndi SADC, komwe maiko adagwirizana zochotserana misonkho yambiri, boma likapanikizika limathamangira njira yachiwiriyi.

"Ndiye mvetsani bwino, ana anga," amatero mkuluyo. "Pa msonkho, ndalama yomwe mwaonjezera ku golosale ikhoza kukagula mankhwala kuchipatala. Pa chilolezo, ndalama yomweyo imalowa m'thumba la munthu yemwe wapeza pepala." Pamenepa bawo lidayamba laima, anthu nkumawerengetsa ndi zala.

Ku mpopi nako amayi ophika mandasi, zitumbuwa ndi thobwa ali ndi yawo, ya shuga. Shuga timapanga tokha ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Salima. Wofuna kuitanitsa wakunja amayenera kukhala ndi chilolezo, komanso shugayo azikhala wothira vitamini A monga mwa malamulo athu. Za vitaminiyo amayiwa alibe nazo mawu, amati nzabwino kwa ana. Chomwe chimawatopetsa ndi mizere yomwe akhala akuima m'masitolo akuluakulu shuga akasowa, nkupatsidwa mapaketi awiri okha. "Asisi, mwatseka chipata kuti tigule wa kwathu, chabwino. Nanga wa kwathuyo akabisala, mandasi ndithiremo mchere?" Mayi wina adayankha kuti iye masiku a chisowe amatenga ana ake onse atatu kukaima pamzere, aliyense ngati sakudziwana ndi mnzake, ndipo wamng'ono ndiye adaulula chinsinsi pokuwa kuti "amama" pa kauntala.

Ku Area 25: nthochi zomwe zidayambanitsa maiko

Mu msika wa Nsungwi, amayi a nthochi ndiwo akatswiri a ndale za maiko. Amakuuzani mwatsatanetsatane momwe zidayendera mu Epulo 2025. Malole a nthochi ndi mpunga ochokera ku Tanzania atayamba kubwezedwa pa chipata cha Songwe, nduna ya zaulimi ya dzikolo panthawiyo, a Hussein Bashe, idachenjeza kaye, kenako pa 23 Epulo idaletsa zokolola za ku Malawi ndi ku South Africa kulowa m'dziko lawo. Idaonjezanso kuti fetereza wochokera kumeneko asabwerenso kuno. Kwa dziko lopanda doko ngati lathu, lomwe mafuta ndi katundu wambiri amadzera ku Dar es Salaam, mawu amenewo adali olemera. Pasadathe sabata Tanzania idachotsa chiletso chake kuti pakhale zokambirana, ndipo pa 2 Meyi ku Dodoma nthumwi za maiko awiriwa, zathu motsogozedwa ndi a Nancy Tembo omwe adali nduna yoona za ubale ndi maiko akunja, zidagwirizana zotsegulirana malonda.

"Ife tidaonera pa thebulo pano," adatero mayi wina akukonza mikoko ya nthochi. "Lolemba kulibe nthochi, Lachiwiri kulibe, Lachitatu kasitomala akundifunsa ngati ndasintha geni. Ndidati ayi bambo, nthochi zanga zili pa msonkhano ku Dodoma."

Achinyamata ambiri sadziwa chifukwa chomwe nthochi ya mu Lilongwe imachokera ku Mbeya kapena ku Mozambique. Agogo ena ogulitsa pafupi adawakumbutsa kuti kale malole ankatsika kuchokera ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay atadzaza mpaka pamwamba. Matenda a chisaka, omwe adayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1990, ndiwo adapululutsa minda. Alimi ena adazula zodwala nkubzala mbewu yatsopano, ndipo nthochi za kwathu zayamba kubwerera, koma sizidafike pokwanira tauni yonse. "Mwana wanga," adatero agogowo, "chilolezo sichibereka mkoko. Nthochi imafuna mbewu yabwino, madzi ndi miyezi yake."

Ku Area 23: kachewere wopanda chiphaso

Anyamata a pa chiwaya ku Area 23 adalandira lamuloli ndi funso lomwe mpaka lero palibe wawayankha. Kachewere wawo amachokera ku Dedza, ku Bembeke, ku Lizulu ndi ku Tsangano. Aliyense woyenda pa msewu wa M1 amadziwa kuti cha ku Lizulu msewuwo ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali inayo Angónia wa ku Mozambique. Anthu ake ndi amodzi, chilankhulo chimodzi, amakwatirana, amaikana maliro, ndipo tsiku la msika matumba amawoloka msewu pa njinga ndi pa ngolo.

"Aise, undiuze, mbatata iyi ndi ya dziko liti?" adafunsa wina akutola imodzi m'beseni. "Ili ndi chiphaso? Imalankhula Chipwitikizi?" Makasitomala odikira tchipisi adachita kugwira m'mimba. Mnzake wokazinga adati mwina adzabwera akuluakulu kudzaifunsa mafunso, ndipo ikalephera kuimba nyimbo ya fuko ibwezedwe.

Pansi pa nthabwalayo pali nkhani yeniyeni. Katundu yemwe anthu akumufuna saleka kulowa chifukwa cha chiletso, amangosintha njira. Amasiya chipata, nkudzera tinjira ta m'minda usiku. Wakabaza wina woima pafupi adafotokoza momwe mtengo umakwerera: wonyamula thumba usiku amalipiritsa zambiri kuposa wa masana, pa njira pali oti apatsidwe ya fanta, ndipo mwini katundu amaonjezerapo kena poopa kulandidwa. Zonsezo zimathera pa mbale ya tchipisi. Boma silipezapo msonkho, wogula amalipira zambiri, ndipo katunduyo palibe wamuyeza.

Koma si onse odandaula. Mayi wina woweta nkhuku za mazira kuseri kwa nyumba yake adati iye lamuloli adaliombera m'manja, chifukwa mazira akunja akasefukira pa msika, woweta wamng'ono ndiye amayamba kugwa. Vuto lake lili pa chakudya cha nkhuku: chimanga ndi soya zikakwera, mankhwala ndi katemera nazo nzakunja, thireyi ya mazira singatsike mtengo ngakhale chipata chitatsekedwa ndi maloko awiri.

Ku Chinsapo: akalipentala ndi amayi a ku Chipata

Akalipentala a ku Chinsapo, pamodzi ndi anzawo a ku Mchesi, ndiwo adamwetulira kwambiri atamva za mipando. Kwa zaka zambiri akhala akuona maofesi ndi nyumba za anthu opeza bwino zikudzaza ndi mipando yochokera ku China, ku Dubai ndi ku South Africa, ina yonyezimira koma yosachedwa kusweka. "Bwana, sofa yanga mukhalira inu, ana anu ndi adzukulu," amatero mmisiri wina akamatsatsa. "Ija ya m'sitolo ikangomva chinyezi cha Januwale, imagwada yokha."

Tsono akayamba kuwerengera zopangira, kumwetulira kumachepa. Matabwa adakwera kwambiri nkhalango ya Chikangawa itadulidwa ndi kupsa. Misomali, guluu, vanishi, mahinjesi ndi nsalu zokutira, zambiri mwa izo nzakunja kapena zopangidwa ndi zipangizo zakunja. Magetsi akazima, makina opalira matabwa amagona. Mmisiri wina wachikulire adati boma lawathamangitsira mdani, zikomo, koma likadawathandizanso kupeza matabwa ndi ngongole ya makina, bwenzi akupanga madesiki a sukulu zonse za mu Lilongwe. Wophunzira ntchito wake adaonjeza kuti tsiku lomwe adzaone ofesi ya boma itagula mipando ku Chinsapo, adzavina gule mpaka kutuluka kwa dzuwa.

Ku Chinsapo komweko kuli amayi ambiri oyenda ulendo wa ku Chipata kukapikula zitenje, sopo, maheu ndi zina. Iwowa amayamikira kuti kuchokera mu Disembala 2022, pomwe chipata cha Mchinji ndi Mwami chidakhala cha malo amodzi, munthu saimanso kawiri. Amadziwanso za ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, yomwe imalola katundu wina wochepa kudutsa ndi fomu yachidule popanda msonkho wa pa chipata. Dandaulo lawo ndi loti malamulo amasintha iwo ali m'basi. "Amayi, lero akuti ichi chikulowa, mawa akuti chimafuna pepala, ndipo pepalalo likupezeka ku Lilongwe komwe ndachokera." Wina adati mpamba wake ndi wa banki m'khonde, ndipo katundu akagona pa chipata masiku atatu, chiwongoladzanja sichigona nawo. Pempho lawo ndi losavuta: mndandanda wa zoletsedwa ndi zofuna chilolezo uzimatidwa pa chipata m'Chichewa, uzilengezedwa pa wailesi nthawi ikadalipo.

Ku Biwi: chiletso chosalembedwa

Ku Biwi Triangle, komwe munthu angathe kupeza chitsulo cha galimoto iliyonse yomwe idapondapo dziko lino, amakanika amati mndandanda wa nduna sudawakhudze. Zitsulo zawo palibe adaziletsa. Komabe amati chiletso chachikulu kuposa zonse nchomwe sichidalembedwe pa pepala lililonse: kusowa kwa madola.

Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ku banki dola imodzi idakhazikika cha pa K1,750, koma wamalonda wamng'ono akapita kukaifuna amangouzidwa kuti adikire. Pa msika wa mseri, mu 2025 dola yomweyo idadutsa K4,000. "Madala, pa bolodi mtengo ndi wokoma, koma ndi mtengo wa chinthu chomwe kulibe," adatero wogulitsa zitsulo wina. Motero yemwe wapeza madola a ku banki amalowetsa katundu motchipa, nkumugulitsa pa mtengo wa mseri, pomwe mnzake wopanda omudziwa amalephera kuitanitsa ngakhale bokosi limodzi. Apanso nkhani ndi ija ya ku Kawale: wopindula ndi yemwe ali pafupi ndi cholembera.

Amakanika amakumbukira bwino Febuluwale 2025, pomwe mavenda a kaunjika adaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo chifukwa mtengo wa belo unkakwera pafupifupi tsiku ndi tsiku, ndipo patangopita masiku ochepa unduna wa zamalonda udasintha nduna. Gwero la zonsezi aliyense ku Biwi amalidziwa: dziko lino limagula kunja katundu wa ndalama zoposa mabiliyoni atatu a madola pa chaka, pomwe zomwe limagulitsa, fodya, tiyi, shuga, mtedza ndi nyemba, zimabweretsa pafupifupi biliyoni imodzi. Wina adawerengetsa mokweza kuti ngakhale titasiya machesi, zokolopera ndi zotokosera m'mano zonse, dzenjelo silingakwiririke, chifukwa madola ambiri amathera pa mafuta a galimoto, fetereza, mankhwala ndi makina. Mnyamata wowotcherera adati pakadali pano ntchito yake ikuyenda bwino zedi, popeza chitsulo chomwe kale chinkatayidwa lero amachiwotcherera katatu.

Ku Mgona: mbali inayo ya chipata

Ku Mgona, komwe matumba a mtedza, soya, nyemba ndi chimanga amasanjidwa mpaka kubisa munthu, nkhaniyi amaionera mbali ina. Kuno ogula amachokera kutali, ena ku Tanzania, ku Kenya, ku Burundi ndi ku Rwanda, ndipo Chiswahili chimamveka pamodzi ndi Chichewa. Masiku aja a mkangano ndi Tanzania, amalonda a pano adagona ndi nkhawa, chifukwa malole awo a mtedza ndi soya amadzera njira yomweyo ya Songwe. "Walira mvula walira matope," adatero mkulu wina wa sikelo. "Ukatsekera mnzako, nayenso ali ndi loko wake."

Pano amakumbukiranso Disembala 2023, pomwe boma lidaletsa chimanga chosagaya chochokera ku Tanzania ndi ku Kenya poopa matenda oumitsa chimanga omwe ali m'maiko amenewo. Idali nyengo ya njala, ndipo anthu adagawanika. Ena adati matendawo akalowa, minda yathu yatha, ndiye kuli bwino kusamala. Ena adati mwana wanjala sangadikire. Njira yomwe idapezeka idali yoti chimangacho chizibwera chitagayidwa kale. Amalonda a pa Mgona amati nkhani imeneyi imasonyeza kuti si chiletso chilichonse chomwe nchoipa: choteteza mbewu ndi thanzi la anthu chili ndi malo ake, bola chifukwa chake chikhale choona ndipo chinenedwe poyera.

Amayi osankha mtedza nawo ali ndi phunziro lawo. Kale mtedza wa chalimbana unkapita ku Ulaya wambirimbiri. Maiko a kumeneko atakhwimitsa miyezo ya chuku, poizoni wa nkhungu yemwe amaononga chiwindi, msika waukuluwo udatiphonya. Chuku chimabwera mtedza ukauma mosakwanira, ukasungidwa pa chinyezi, kapena wina akauwaza madzi kuti usavute kusenda ndiponso ulemere pa sikelo. "Azungu sadatiletse ndi msonkho, adangotiyeza," adatero mayi wina akupeta. Mnzake adafunsa funso lomwe lidakhalitsa anthu chete: ngati mtedza wokanidwa kunja ndi womwe timasinja chiponde cha ana athu, ndani akutiyezera ife? Apa onse adavomerezana kuti a Malawi Bureau of Standards azionekera pafupipafupi, poyeza za kunja ndi za konkuno mofanana.

Zomwe tauni ikugwirizana

Mukazungulira malokeshoni onsewa mupeza kuti palibe yemwe amadana ndi katundu wa kwathu. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga sufuna lamulo kuti ugulidwe, fungo lake limadziitanira lokha makasitomala. Uchi wa kumpoto, anyezi wa ku Ntcheu ndi machesi a Leopard, anthu amazinyadira. Kampeni ya Buy Malawi idakhazikitsidwa mu Malichi 2016, ndipo mtima wogula zathu ulipo ndithu. Chomwe anthu akukana ndi kulipira kawiri: kutsekeredwa zakunja, kenako nkupeza za kwathu kulibe kapena zakwera mtengo chifukwa wopikisana naye wachotsedwa.

Ine ndili mbali ya woweta nkhuku wa ku Area 23 ndi kalipentala wa ku Chinsapo, ndipo ndikufuna apambane. Ndilinso mbali ya mayi wa mandasi wa ku Kawale, chifukwa ndiye amalipira chiletso chilichonse kuchokera m'kachikwama kake. Onsewa angapindule limodzi pokhapokha nthawi yomwe chipata chatsekedwa igwiritsidwe ntchito: mbewu ya nthochi yopanda matenda ifike kwa alimi, ulimi wothirira ukule kuti anyezi ndi tomato zisamasowe dzinja, magetsi asamazime ku Kanengo, ndipo ngongole za makina zifike kwa amisiri. Zilolezo ziziperekedwa poyera, maina a olandira adziwike. Anansi athu azikambidwa nawo lamulo lisanatuluke, popeza Malawi adavomereza mgwirizano wa msika umodzi wa Africa yonse mu 2021, ndipo msika umenewo ndi womwe mtedza wa pa Mgona ukuufuna.

Zaka ziwiri za lamuloli zikukwana mu Malichi 2027. Madoda a pa bawo ku Kawale agwirizana kale kuti mwezi umenewo adzatuma mnyamata ku golosale kukagula zotokosera m'mano, ndipo adzawerenga pa paketi kuti aone komwe zapangidwa. Zikadzakhala za ku Kanengo kapena ku Blantyre, pa mtengo woti munthu wamba nkukwanitsa, akuti adzasonkherana ya mbuzi kuti zotokoserazo zipeze ntchito tsiku lomwelo.